Kupukusa Geti Katatu

Ntchito yanga ndi ya pageti la damu, ndipo ndaigwira zaka khumi ndi chimodzi osajomba, kupatula masiku amene ndinali kuchipatala pobereka mwana wachiwiri. Mageti alipo awiri. Lalikulu limatulutsa madzi kupita m'ngalande ya alimi othirira. Laling'ono lili pansi pa khoma la damu, ndipo madzi ake amadutsa mu mpope wa simenti n'kukagwera mumtsinje kuseri kwa khomalo, kuti mtsinjewo usaume m'chilimwe. Geti laling'onoli lili ndi chiwongolero chachitsulo chachikulu ngati chivindikiro cha mgolo. Lamulo lake ndi limodzi. M'mawa uliwonse umatseka mpaka pansi, n'kupaka girisi kuti lisachite dzimbiri, kenako n'kupukusa katatu. Osati kawiri, osati kanayi. Anandiphunzitsa ndi bambo anga, amene anagwira ntchito yomweyi mpaka bondo litawakana.

Ndiye mumvetse mmene mtima wanga unapsera Lachiwiri lina, pamene mayi wina wa ku ofesi ya za nsomba anaimika njinga yamoto pakhomo pa kanyumba ka geti, n'kundifunsa, moni wake asanaumalize, kuti madzi a mtsinje ndinawatsekeranji.

"Ndatseka ine?" ndinatero. "Mayi, bwerani muone ndi maso anu."

Ndinawatengera pa chiwongolero, ndinatseka mpaka pansi iwo akuyang'ana, kenako ndinapukusa ndikuwerenga mokweza ngati mwana wa sukulu ya mkaka. Kamodzi, kawiri, katatu.

"Mwaona? Kapena ku ofesi kwanuko katatu kanasintha?"

Mayiwo sanakwiye, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri. Anangoti, "Kupukusa ndakuona. Madzi ndiye sindinawaone. Kwerani pambuyopa tikaonere limodzi."

Ndinakwera chifukwa ndinkafuna kukawachititsa manyazi. Tinatsika ndi msewu wafumbi mpaka pa mlatho, n'kulowa wapansi m'bango. Pamene kale mtsinje unkayenda panali miyala yoyera ndi matope ong'aluka. Madzi anangotsala m'dziwe limodzi la pansi pa mlatho, obiriwira, otentha, onunkha. Pamwamba pake panali timilomo tokhatokha, nsomba zikuyasama kufunafuna mpweya. Zina zinali zitagadama kale m'mbali, mimba yoyera kumwamba. Akakowa anali ataima pamatope osasuntha n'komwe, atakhuta mpaka kutopa.

Mayi wa za nsomba anandiuza kuti nsomba za mtsinje wonsewo zimabisala m'dziwe limeneli m'chilimwe, kudikira mvula kuti zibalalike kukaikira mazira. Zikafera muno, chaka chamawa mtsinje udzadzaza madzi opanda kanthu. Anandionetsanso una wa akatumbu pagombe, ndi mapazi awo pamatope.

"Madzi akapanda kubwera, dziweli latsala ndi masiku asanu kapena asanu ndi limodzi," anatero. "Mvula ndiye ili kutali, mwina mwezi ndi theka."

Tinabwerera kudamu. Nditafika ndinatenga tochi ndi chikwanje, n'kutsikira kuseri kwa khoma kukafuna pamene mpope uja umatulukira. Ndinachita kusema njira, poti bango linali litandipitirira msinkhu. Ndikusema choncho ndinayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene ndinaponda kumeneko, koma silinabwere. Zenera la kanyumba kanga limayang'ana kungalande, ndipo anthu amene amabwera kudzandikalipira onse amachokera kungalande. Nsomba sizibwera kudzadandaula pakhomo.

Mpopewo ndinaupeza. Madzi ankatuluka ngati pampopi wotha labala. Nditawalitsa tochi ndinaona matope ofiira atadzaza mpaka pafupi ndi denga lake, osakanikirana ndi majumbo, mabotolo ndi masaka ong'ambika. Matopewo ndinawadziwa. Ndi dothi la madimba a kumtunda kwa damu, kumene anthu anadula mitengo n'kulima mpaka khasu kumanyowa mumtsinje. Mvula iliyonse inkabweretsa pang'ono, ndipo ine m'mawa uliwonse ndinkapukusira geti khoma la matope. Ndinakhala pansi pomwepo. Manyazi amene ndinkafuna kuchititsa munthu wina anandigwira ine ndemwe.

Masana ndinapita kwa bambo. Ndinawapeza pakhonde akukonza wailesi yawo imene yakhala ikukonzedwa chibadwire changa. Nditawafotokozera anaika sikuludilaivala pansi.

"Kodi iwe sutsikako Loweruka?"

"Kutsika kuti?"

"Kumpope. Ine Loweruka lililonse ndinkatsika n'kuima pakamwa pake. Madzi akapanda kufika pakatumba wa mwendo, ndinkalowa ndi fosholo."

"Nanga munandiuza liti zimenezo, bambo?"

Anayang'ana bondo lawo, ine n'kumvetsa. Pamene ankandiphunzitsa ntchito, bondo linali litayamba kale kukana, ndipo anali atasiya kutsikako. Anandipatsa zimene ankachitabe, zimene anasiya anaziiwala. Katatu aja sanali lamulo lochokera kumwamba. Anali mapukusidwe amene ankafikitsa madzi pakatumba wa bambo anga, mpope uli woyera.

"Ndinakulakwira, mwana wanga," anatero motsitsa mawu.

Ndinkafuna kukalipa, ndipo ndimatha kukalipa ine, koma nkhalamba ikapepesa mawu amakuthawa. Komanso safunsa anadya phula. Zaka zonsezi sindinafunsepo kuti katatuko n'kachiyani.

Ndinaimbira akuluakulu anga ku ofesi. Anandiyamikira kwambiri chifukwa chowadziwitsa, n'kunena kuti galimoto yopopa matope ili ku damu lina ndipo idzabwera mvula ikatha. Ndinawafunsa ngati nsomba angazilembere kalata yoziuza kuti zidikire. Foni inaduka, mwina inali netiweki.

Ndisanafike n'komwe pageti, mbiri inali itandipitirira. Ndinapeza achimwene anga atakhala pa benchi la pakhomo, chipewa pabondo. Iwo ndi wapampando wa komiti ya alimi, ndipo ndi amene anandilera mayi athu atamwalira.

"Ndamva kuti ukufuna kukumba mpope."

"Mwamva zoona, achimwene."

"Ukudziwa kumene madzi a mtsinjewo akhala akupita zaka zonsezi?"

Ndinali ndisanaganizepo. Iwo anali ataganiza kale. Madzi amene ankalephera kudutsa mu mpope ankatsala m'damu, n'kumalowa m'ngalande. Alimi anaona ngalande ikudzaza kuposa kale, anati Mulungu wawakumbukira, n'kuitalikitsa. Kumapeto kwake kunatsegulidwa minda isanu ndi iwiri yatsopano. Womaliza weniweni unali wa achimwene, chifukwa monga wapampando anasiyira anzawo ya pafupi. Tomato wawo anali atangoyamba maluwa.

"Ukatsegula mpopewo, kumapeto madzi safikako," anatero. "Sindikuti usakumbe. Ndikuti dikira mvula. Mwezi ndi theka basi."

"Dziwe latsala ndi masiku asanu."

"Ndiye iwe ukusankha nsomba? Nsomba zili ndi ana a sukulu? Zinakugulirapo nsapato nsombazo?"

Apa anandilasa, poti nsapato zanga zoyamba anandigulira ndi iwo, za pulasitiki, zazikulu manambala awiri kuti ndikuliremo. Ndinawauza kuti madziwo sanali a alimi, ndipo sanali anga oti ndigawire amene ndikumufuna. Anali a mtsinje, ndipo ndine ndinausowetsa madziwo chifukwa cha ulesi wotsika masitepe makumi awiri. Ndinawauzanso kuti kumunsi kwa mlatho kuli mabanja amene ndiwo zawo ndi nsomba zomwezo, kungoti alibe komiti.

Anavala chipewa. "Kumba. Koma usayembekeze kuti mlimi aliyense akubwereka ngakhale fosholo."

"Yanga ndili nayo."

Ndinanena mwamphamvu, iwo n'kuchoka. Ndinali ndisanakanganepo nawo chikhalire.

Lachitatu m'mawa ndinatseka geti laling'ono mpaka pansi, ndinamanga chiwongolero ndi tcheni ndi loko, kiyi n'kumupachika m'khosi. Munthu sulowa mu mpope kiyi ali ndi wina. Mayi wa za nsomba anabwera ndi zidebe zinayi ndi chingwe. Anandichenjeza kuti matopewo asagwere mumtsinje, chifukwa akakafika padziwe akatseka nsomba zotsalazo kupuma. Ndiye chidebe chilichonse chinkayenera kukwezedwa mtunda n'kukakhuthulidwa kuseri kwa bango.

Tikuyamba kumene, ndinamva wina akutukwana bango. Anali bambo, ndodo kumanja, kampando kumanzere. Anachita kutsika masitepe aja chokhala pansi.

"Bambo, bondolo!"

"Bondo ndi langa. Iwe kumba."

Mu mpopewo munthu saima, umayenda chogwada. Ndinadula mpini wa fosholo pakati kuti uzitembenuka. Ndinkadzaza chidebe, n'kugwedeza chingwe, mayi wa za nsomba n'kukoka. Bambo anakhala pakamwa pa mpope ndi tochi, akulamula ngati kapitawo. Fosholo ndaigwira molakwika. Ndikuyambira pamwamba pamene ndimayenera kuyambira pansi. M'masiku awo ankamaliza ntchito yotereyi wailesi isanawerenge nkhani za masana.

"M'masiku anu matope anali chidebe chimodzi!" ndinakuwa ndili mkati.

"Ndiye chifukwa ndinkatsika Loweruka!"

Mayi wa za nsomba anaseka mpaka kutaya chingwe. Ndinali nditawaweruza kuti ndi anthu a mapepala, oti dzuwa likangowawomba athawira pamthunzi. Ndinalakwa. Pofika masana m'manja mwawo munali matuza ophulika, koma anangomanga mpango n'kupitiriza kukoka.

Tinatulutsa zinthu zoti munthu sungakhulupirire. Majumbo osawerengeka, matewera a ana, theka la tayala la njinga, nsapato za phazi limodzi zokhazokha, ndi neti ya udzudzu imene inakulunga zonsezo kukhala mtolo umodzi wolimba. Neti imeneyo inandidyera maola awiri ndi mpeni. Fungo lake sindikufuna kulifotokoza. Madzulo mwamuna wanga anandiikira madzi osamba panja, n'kunena mwaulemu kuti ndisafulumire kulowa m'nyumba.

Tsiku loyamba tinakumba mikono inayi, pa mikono khumi ndi iwiri. Ndipo panali vuto lina. Popeza geti linali lotseka, ngakhale timadzi tochepa tija tinasiya kupita kudziwe. Lachinayi m'mawa mayi wa za nsomba anadzera pa mlatho pobwera. Anangoonetsa ndi zala kuti madzi atsika chotere, n'kunyamula chingwe. Ndinadziwa kuti tikachedwa, ndikhala nditazipha msanga nsomba zimene ndimati ndikuzipulumutsa. Tsiku limenelo sindinatuluke kukadya. Mawondo anasupuka, ndinawakulunga masaka.

Alimi ankabwera pamwamba pa khoma kudzaonerera. Palibe anatsika. Wina anakuwa kufunsa ngati nsombazo zidzandilembe ntchito akandichotsa, anzake n'kuseka. Ndinkamva zonse, poti mpope umakuza mawu. Bambo anamuyankha kuti atsike adzafunse pafupi, iye osatsika. Achimwene sanabwere, ndipo ndinathokoza, chifukwa akanabwera n'kundiitana ndi mawu ofatsa sindikudziwa ngati fosholo ndikanaigwirabe.

Lachisanu dzuwa litapendeka, fosholo inagunda chitsulo. Linali geti. Ndinalisisita ndi dzanja ngati ndapeza m'bale wotayika, kenako ndinapala m'mbali mwake ndi zala n'kutuluka chobwerera m'mbuyo. Msana unakana kuwongoka, moti masitepe ndinawakwera ndikukwawa.

Mayi wa za nsomba anati nditsegule pang'onopang'ono, kuti matope otsalira asapite onse nthawi imodzi. Ndinamasula loko n'kupukusa theka. Kumunsi bambo anakuwa kuti madzi akutuluka ofiira. Tinadikira mpaka anakuwanso kuti ayera. Ndinawonjezera theka lina, n'kudikiranso. Zimene ndinkachita m'kuphethira kwa diso m'mawa uliwonse zinatitengera maola awiri. Nditakwanitsa katatu, pansi pa mapazi anga panayamba kulindima. Phokoso limenelo ndinalikumbukira. Ndinkalimva ndili mtsikana, pobweretsera bambo tiyi, ndipo linazimirira pang'onopang'ono osazindikira kuti lapita. Ndinalira, sindibisa.

Madzi anafika padziwe Loweruka m'mawa. Tinawola nsomba zakufa zidebe zisanu ndi chimodzi n'kukazikwirira kumtunda. Zambiri zinali zazikulu, zodzaza mazira, ndipo zina zinafa m'masiku atatu amene geti ndinalitseka. Koma pofika Lolemba timilomo tija tinali titachoka pamwamba. Ukaima pa mlatho n'kudekha, unkaona misana yakuda ikuyenda pansi pa madzi. Mayi wa za nsomba anati zotsalazo n'zokwanira kudzazanso mtsinje, ngati madzi saduka mpaka mvula.

"Saduka," ndinatero.

Lolemba lomwelo ngalande inatsika zala zitatu. Kumtunda palibe anadandaula. Kumapeto madzi ankangonyowetsa pansi n'kuthera m'njira. Lachitatu komiti inalembera akuluakulu anga kalata yoti ndichotsedwe pageti chifukwa chokondera. Anandionetsa kalatayo ndi mlembi wawo, mochita ngati akundimvera chisoni. Dzina loyamba kusaina linali la wapampando. Alamu anga, akazi a achimwene, amene tsiku lililonse ankadzera pakanyumba kanga pochokera kumsika, anayamba kudzera njira ya kuseri kwa chigayo, imene ndi yaitali.

Anthu amati chibale ndi fupa, sichiwola. Amaiwala kunena kuti fupa limathyoka, ndipo likathyoka limapweteka kuposa mnofu.

Lachinayi ndinadzuka tambala atangolira kachiwiri, n'kukonza za pageti, kenako ndinanyamula makheni awiri othirira kupita kumapeto a ngalande. Madzi omaliza anali pa mtunda wa mapazi mazana awiri kuchokera pamunda wa achimwene. Ndinatunga pamenepo. Nditafika ndinawapeza ali kale m'munda ndi makheni awo, malaya atanyowa thukuta. Theka la tomato linali litagona, masamba atapiringizika, maluwa atayoyokera m'mizere. Ndinaima pamalire, makheni akundikoka mapewa.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

Anapitiriza kuthirira. Ndinalowa n'kuyamba kuthirira mzere umene unali pafupi nane.

"Umenewo usiyeni, unafa kale," anatero osandiyang'ana. "Ngati mwabwera kudzathirira, mayi a pageti, yambani uko."

Chibadwire changa anali asananditchulepo kuti inu. Ndikanakonda akananditukwana. Ndinapita kumene analoza n'kuthirira, ndipo tinayenda ulendo wa kumadzi kambirimbiri, iwo patsogolo ine pambuyo. Dzuwa litakwera anaika makheni pansi, n'kupukuta nkhope ndi chipewa.

"Kamodzi kokha," anatero, mawu atasasa. "Ubweze chiwongolero kamodzi kokha, pa katatu paja, kwa sabata ziwiri. Palibe angadziwe. Kalata ija ndikaichotsa ndekha."

Ndinawayang'ana. Anali atakalamba m'sabata imodzi, ndipo ndine ndinawakalambitsa. Ndinkadziwa kuti akunena zoona, palibe akanadziwa.

"Mawa ndibweranso ndi makheni, achimwene," ndinatero. "Mkuja nawo ndibwera, mpaka mvula igwe. Koma geti sindibweza."

Anatola makheni awo n'kubwerera kumadzi. Ndinatola anga n'kuwatsatira.